ULENDO WA KU MBWANI



Inu a ku Mangochi, ku Makanjira, ku Salima ndi ku Nkhotakota mumationa ife a kumtunda ngati anthu osadziwa madzi, ndipo sitikutsutsani. Kwathu ku Mbulumbuzi, m'boma la Chiradzulu, mwana amakula akudziwa madzi a pa mjigo ndi a m'khwawa basi, ndipo chambo amachiona chili chowamba kale pamsika. Komabe lero tiloleni nafenso tikambeko za madzi, pakuti m'mwezi wa August chaka cha 2024 banja lathu linakwera galimoto n'kuyenda mtunda wa makilomita pafupifupi 900 mpaka kukafika ku nyanja ya mchere, pa chilumba cha Ilha de Moçambique ndi magombe oyandikana nacho. Tinalipo anthu 7: ife makolo awiri, ana athu atatu, amalume awo a anawo amene ndi eni galimoto, ndiponso anganga, mayi wa zaka pafupifupi 80. Zambiri zimene tinaona kumeneko ndi zokondweretsa maso, koma zina ndi zolemera kuzinyamula mumtima. Taganiza zogawana nanu zonsezo.

Chimene chinatinyamula

Zifukwa za ulendowu zinali ziwiri. Choyamba ndi namondwe wa Freddy. Mukukumbukira kuti namondweyu anatuluka m'nyanja pafupi ndi mzinda wa Quelimane pa 11 March 2023, ndipo patangopita maola ochepa mvula yosalekeza inayamba kugwa m'chigawo chathu cha kumwera. Mapiri anagumuka ku Soche mu Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo m'boma lathu lomwe lino mudzi wa Ntauchira unakokoloka. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno. Masiku amenewo mwana wathu wamng'ono ankamva pa wailesi kuti mvula yonseyo yachokera ku nyanja ya mchere, ndipo anatifunsa kuti, "Kodi nyanjayo ndi yaikulu bwanji kuti madzi ake afike kuno ku Mbulumbuzi?" Tinamuyankha monga tikanathera, koma funsolo linatsala m'nyumba.

Chifukwa chachiwiri ndi anganga. Bambo awo anali Myao, mayi awo Mlomwe, monga zilili m'mabanja ambiri a ku Chiradzulu. Kuyambira kale iwo akhala akutiuza za agogo awo aamuna amene ali mnyamata ankasenza katundu pa maulendo a ku Mbwani, kutanthauza kugombe la nyanja ya mchere. Ankapita ndi minyanga ya njovu, n'kubwerako patapita miyezi ndi nsalu, mikanda ndi mchere. Mawu akuti Mbwani anganga amawatchula ngati dzina la mbale amene sanamuonepo. Maso awo atayamba kuchita chidima, tsiku lina anangoti, "Ana inu, kodi ndidzafa osaiona Mbwani?"

Nkhaniyi inavuta pabanja. Ena mwa abale anati ndalama zoterozo n'zogulira feteleza, ndipo sankanama. Ena anati munthu wamkulu chotero sangapirire msewu. Koma amalume anati galimoto yawo, Toyota Noah, ilipo, ndipo iwo ayendetsa okha malinga tisonkhe za mafuta. Tinasunga pang'onopang'ono kwa chaka chathunthu kuchokera pa tomato ndi nandolo, za feteleza tinaziika padera osazikhudza, ndipo sukulu zitatsekera tinamanga katundu.

Msewu wa ku Milange

Tinanyamuka titangoswali Subuhi. Kuchokera pa Mbulumbuzi tinatsikira ku Limbe, n'kutenga msewu wa Midima mpaka ku Mulanje, phiri lili kumanzere kwathu ndi minda ya tiyi ili mbee ndi mame. Amalume, amene amakonda mbiri yakale, anakumbutsa ana kuti kuseri kwa phirilo, pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, Angerezi anamangapo linga la Fort Lister mu 1893 pofuna kutseka njira imene ogulitsa akapolo ankadutsamo popita kunyanja ya mchere. Ana anangomva ngati phunziro la kusukulu, maso ali pa nanazi za m'mbali mwa msewu.

Pachipata cha Muloza tinadinditsa mapasipoti, n'kulembetsa galimoto kuti ilowe m'dziko la eni kwa masiku owerengeka, ndiponso tinagula inshuwalansi ya ku Mozambique. Titaoloka, ku Milange tinapeza anthu akulankhula Chichewa ndi Chilomwe ngati kwathu, mwakuti mwana wathu wachiwiri anafunsa ngati tatulukadi m'Malawi. Kuchokera pamenepo mpaka ku Mocuba ndi makilomita pafupifupi 190. Ku Mocuba tinaoloka mtsinje waukulu wa Licungo, umene madzi ake osefukira anadula mlatho mu January 2015, chaka chomwe chija madzi anaononganso ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Tinagona komweko.

Tsiku lachiwiri tinalowera kumpoto pa msewu waukulu wa N1, ulendo wa ku Nampula, mtunda wa makilomita pafupifupi 400. Titayandikira Alto Molócuè tayala la kumbuyo linaphulika. Tili pakati posintha, kunabwera bambo wina wachikulire pa njinga, ndipo ataona nambala ya galimoto anatipatsa moni m'Chichewa chosadodoma. Anatithandiza kumasula mabawuti, natiperekeza kwa womata matayala. Pamene amalume anatulutsa ndalama kuti amuthokoze, iye anakana. Anati nthawi ya nkhondo anathawira ku Malawi ali mnyamata, nakhala zaka zingapo m'boma la Mulanje, ndipo banja lina linamupatsa kadimba ndi mbale ya nsima osamufunsa kanthu. "Ngongole imeneyo sindinabweze," anatero. Ana athu anabadwa nkhondoyo itatha kalekale, choncho tinawafotokozera m'galimoto kuti inatha ndi pangano la mtendere limene linasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, ndi kuti nthawi imeneyo Malawi ankasunga othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni. Anganga anangowonjezera mwambi uja wakuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza.

Kuyandikira Nampula dziko limasintha. Pachigwa pamatuluka mapiri a mwala umodzi, osalala ngati mitu yometa, aliyense ataima payekha monga limaimira phiri lathu la Chiradzulu. Mitengo ya mbibu imachuluka, ndipo anyamata amathamangira galimoto ndi mabeseni a mbibu zokazinga. Chiyankhulo cha kumeneko ndi Chimakuwa, chimene ndi chibale cha Chilomwe. Apa ndi pamene anganga anasanduka womasulira wathu. Ife amene tinapita kusukulu tinkangolozerana ndi zala, koma iwo ankatsitsa mitengo ya zinthu ndi Chilomwe cha mayi awo, amayi ogulitsa akuseka ndi kuwatcha mbale.

Madzi amene amachoka ndi kubwerera

Tsiku lachitatu m'mawa tinachoka ku Nampula kudzera ku Namialo ndi Monapo, mtunda wa makilomita pafupifupi 180. Pa Monapo msewu umagawikana. Wina umapita ku Nacala, doko lija limene njanji yake inalumikizidwa ndi yathu kudzera pa Nayuchi mu 1970, ndipo katundu wambiri wa dziko lathu amatsikira pamenepo. Ife tinakhotera kumanja. Tisanaione nyanja tinayamba taimva fungo lake, fungo la mchere ndi ndere. Kenaka mitengo ya kokonati inachuluka, milambe inaima m'mbali mwa msewu, ndipo tinadutsa madambo oyera mbee amene ana anayesa kuti ndi ufa woyanikidwa. Anali minda ya mchere, kumene amalowetsa madzi a m'nyanja m'timaiwe tosaya n'kusiya dzuwa ligwire ntchito yake.

Pa Lumbo mtunda umathera, ndipo pamayambira mlatho wa makilomita oposa 3 umene unamangidwa m'zaka za m'ma 1960. Ndi wopapatiza, wokwana galimoto imodzi, wokhala ndi malo opatukirapo apa ndi apo kuti magalimoto apatsane njira. Amalume anayendetsa pang'onopang'ono, mawindo onse ali otsegula. Madzi anali mbali zonse ziwiri, obiriwira pafupi, akuda bii patali, ndipo ngalawa za matanga zinkayenda mwakachetechete ngati mbalame. M'galimoto munalibe wolankhula kupatula anganga amene ankangobwereza chapansipansi kuti Subhanallah.

Chinthu choyamba chimene mwana wathu wamng'ono anachita titatsika ndi kutapa madzi m'manja n'kulawa. Analavula msangamsanga, tonse n'kuseka. Mu lita imodzi ya madzi a m'nyanja imeneyi muli mchere wokwana magalamu pafupifupi 35, ndiye kuti masupuni aakulu awiri. Sungamwe, sungathirire mbewu, ndipo sopo sachita thovu bwino. Inu a kunyanja thokozani Mulungu kuti nyanja yanu ndi ya madzi ozuna. Pa chilumba chija madzi akumwa akhala osowa kuyambira kale, mwakuti nyumba zakale zinamangidwa ndi madenga otolera madzi a mvula n'kuwatsikitsira m'zitsime za pansi pa nyumba.

Koma chimene chinatidabwitsa koposa ndi ichi. Titafika chakum'mawa madzi ankamenya khoma la m'mbali mwa msewu. Titapuma, kudya ndi kuswali, tinabwerera pamalo omwewo n'kupeza nyanja palibe. Inali itabwerera kutali, ngalawa zitagona chammbali pamchenga, ndipo amayi ndi ana anali balalabalala pamene panali madzi paja, akutola nkhono ndi nkhanu m'mabeseni. Mwana wamng'ono uja anagwira chitenje cha mayi ake ndi mantha, poganiza kuti kukubwera tsoka lina ngati la Freddy. Msodzi wina, kudzera mwa anganga, anatilimbitsa mtima kuti umo ndi momwe nyanja yawo imapumira. Imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo tsiku lililonse imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Chimene chimakoka madziwo ndi mwezi, mothandizidwa ndi dzuwa. Mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu, mphamvu ziwirizi zimakokera pamodzi ndipo madzi amakwera kwambiri ndi kuphwanso kwambiri. Ife tinafika pakati pa mwezi wa Safar, mwezi uli wathunthu, n'chifukwa chake tinaona kuphwa kwakukulu chotero. Asodzi a usipa amene mumawerenga masiku a mdima kuti muyatse nyali zanu, dziwani kuti anzanu a ku Mbwani nawonso amayang'ana mwezi womwewo asanakankhe ngalawa.

Mphepo nazonso ali nazo ndi maina ake, monga inu muli ndi mwera ndi mpoto. Kaskazi imaomba kuchokera kumpoto m'miyezi ya dzinja, ndipo kusi imaomba kuchokera kumwera m'miyezi yozizira. Mphepo ziwirizi ndi zimene kwa zaka mazanamazana zinkabweretsa ngalawa zochokera ku Arabia, ku India, ku Zanzibar ndi ku Kilwa, n'kuzibwezanso kwawo nyengo ikatembenuka.

Pachilumba

Chilumba chenichenicho ndi chaching'ono, makilomita pafupifupi 3 m'litali, ndipo m'lifupi munthu amachidutsa wapansi pa mphindi zochepa. Komabe dzina la dziko lonse la Mozambique linachokera pamenepa. Pamene Vasco da Gama anafika mu 1498 anapeza kale mudzi wa amalonda Achisilamu ndi mfumu yawo, ndipo mbiri imati dzina la chilumbachi linachokera kwa mfumu yotchedwa Mussa bin Bique. Apwitikizi atalanda malowa anamanga katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte mu 1522, ndipo mu 1558 anayamba kumanga linga lalikulu la São Sebastião, limene Adatchi analephera kulilanda mu 1607 ndi mu 1608. Chilumbachi chinali likulu la dzikolo mpaka 1898, pamene likulu linasamukira ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo. Mu 1991 bungwe la UNESCO linachiika m'kaundula wa malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse lapansi.

Chilumbachi chili ndi mbali ziwiri. Kumpoto kuli nyumba za miyala, zazitali, za zitseko zosema, zina zokonzedwa bwino, zina mitengo ya kachere itamera m'makoma. Kumwera kuli Makuti, kumene kumakhala anthu ambiri mothithikana, ndipo dzinali limachokera ku masamba a kokonati amene ankafolerera nyumba. Tinaona kuti nyumba za ku Makuti zili m'munsi, msewu uli pamwamba, mwakuti poyenda umayang'ana madenga. Chifukwa chake n'chakuti miyala yomangira nyumba za kumpoto ija inakumbidwa pamenepo, ndipo osauka anamanga m'maenje otsalawo. Mwana wathu wamkulu, amene ali ku sekondale, analemba zimenezi m'kabuku kake.

Anthu ambiri a pachilumbachi ndi Asilamu. Tinaswali mu mzikiti waukulu wobiriwira umene uli m'mphepete mwa nyanja, pafupi ndi pamene asodzi amakocheza. Sitinkamvana chiyankhulo ndi eni ake, koma pa mzere wa swala panalibe mlendo. Tinaona kuti kumeneko Qibla ili pafupifupi kumpoto kwenikweni, pakuti Makka ndi chilumbachi zili ngati pa mzere umodzi. Tinaonanso kuti ngakhale wotchi ya ku Mozambique ndi yofanana ndi yathu, dzuwa limatuluka ndi kulowa mofulumirako ndi mphindi pafupifupi 20, chifukwa malowa ali kum'mawa kwambiri. Amene mudzapiteko, tsatani adhana ya komweko, musadalire nthawi za kwanu.

Amayi a kumeneko amadzola kumaso phala loyera la mtengo wotchedwa mussiro, ndipo ali ndi gule wawo wa tufo amene amavina atavala zofanana, mogwedeza mapewa modekha. Chakudya chawo ndi mpunga wa kokonati ndi nsomba, ndipo anganga atalawa anati n'chimodzimodzi ndi mpunga umene anadyapo pa ukwati wina ku Nkhotakota ali mtsikana. Sizodabwitsa. Zambiri zimene timaziyesa zathuzathu, monga kanzu, kofia, kaphikidwe ka mpunga ndi kamangidwe ka ngalawa za matanga pa nyanja yathu, zinabwera ndi njira za ku Mbwani.

Funso la ku Mossuril

Tsiku lotsatira tinaolokanso mlatho n'kuzungulira ndi galimoto kupita ku Mossuril ndi ku Chocas Mar, kutsidya kwa chilumba. Msewu wake umadutsa m'minda ya kokonati ndi m'madambo a mchere, ndipo apa ndi apo nyanja imaonekera pakati pa mitengo. Gombe la Chocas ndi la mchenga woyera, wosalala ngati ufa wa m'gaiwa wosefa, lotalika mpaka pamene maso alekezera. Ana anasewera m'mafunde mpaka milomo kuuma ndi mchere. Anganga anakhala pa mkeka pamthunzi, mapazi okha ali pamchenga wonyowa. Ngati ulendo wathu ukanathera pamenepo, bwenzi nkhani ino ili ya chisangalalo chokhachokha.

Koma pobwerera tinaima pa Mossuril, pamene pali njira ya miyala yotsetserekera m'nyanja. Eni dera anatiuza kuti pamenepo ndi pamene ankatsitsira akapolo kuti akawakweze m'ngalawa. Dzulo lake pachilumba tinali titalowanso m'munda wina wa chikumbutso wotchedwa Jardim da Memória, wokumbukira anthu amene anagulitsidwa kupita ku zilumba za kutali. Amalume anafotokozera ana za sitima ya São José, imene inanyamuka pa chilumba chomwechi mu December 1794 itanyamula akapolo oposa 500 kupita ku Brazil. Sitimayo inasweka pa miyala pafupi ndi Cape Town pa 27 December chaka chomwecho, ndipo anthu oposa 200 anamira. Opulumuka anagulitsidwa komweko. Zotsalira za sitimayo zinalengezedwa kuti zapezeka mu 2015, ndipo dothi lochokera ku Mossuril linatengedwa kukathiridwa m'nyanja pamalo pamene anthuwo anafera.

Titaima pamenepo, mwana wathu wamkulu anatembenukira kwa anganga. "Anganga, agogo anu aja ankasenza minyanga yokhayokha?"

Ife makolo tinayang'anana. Anganga sanafulumire. Anakonza mpango wawo, kenaka anati, "Mdzukulu wanga, akuluakulu ankanena kuti ulendo wa minyanga sunkayenda wopanda anthu a m'magoli. Agogo angawo ankasenzera katundu mfumu imene inkagulitsa anthu, ndipo anaona zimene anaona. Koma kuchikazi kwanga, kwa Alomwe, kunali ogwidwa ndi othawa. Mchemwali wa agogo anga aakazi anapita kukatunga madzi osabwerako mpaka lero. Magazi onse awiriwo ali mwa iwe. Usakane ena n'kuvomera ena."

Mawu amenewa takhala tikuwasinkhasinkha chibwerereni. N'chapafupi kuloza chala Apwitikizi okha, pakuti malinga awo akuonekabe. Ena amaloza Aluya okha. Koma malonda aja anali ndi manja ambiri. Sitima zinali za Apwitikizi, Afalansa ndi a ku Brazil, ngalawa zina zinali za Aluya ndi Aswahili, ndipo ogwira anthu kumtunda anali mafumu a mitundu yathu yomwe. Amalonda Achiyao ankafika ndi minyanga ku Mossuril kale m'zaka za m'ma 1700, ndipo pambuyo pake maulendo ambiri analowera ku Kilwa. Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, ndipo anthu ambirimbiri anaolotsedwa nyanja yathu pamenepo. Ngakhale kwathu ku Chiradzulu sikutali ndi nkhaniyi. Anthu 84 amene David Livingstone ndi anzake anawamasula m'magoli pa mudzi wa Mbame mu July 1861 anakakhala ku Magomero, pafupi ndi kwathu. Njira imene inatibweretsera chipembedzo, kulemba ndi kuwerenga ndi yomweyo imene inatengera abale athu kunyanja, ndipo ena mwa ogulitsawo ankatchedwa Asilamu. Kunena zimenezi sikunyoza makolo athu. Mwana amene wamva choonadi ichi kwa anganga ake, mwachikondi, sadzagwa mphwayi tsiku limene wina adzamuponyera nkhaniyi ngati chitonzo kusukulu kapena pamsika.

Ndipo nkhaniyi sinathe ndi magoli. Mu 2022 tonse tinamva za amayi Achimalawi amene analonjezedwa ntchito zabwino ku Oman, koma atafika analandidwa mapasipoti n'kumagwiritsidwa ntchito ngati akapolo. Ambiri mwa amene amakopa ana athu kuti apite kunja ndi anthu odziwika, olankhula chiyankhulo chathu, nthawi zina abale enieni. Amene waima pa miyala ya ku Mossuril sangamve nkhani zoterezi n'kungoti ndi za eni.

Tisanachoke pamalopo anganga anatiuza kuti tikweze manja. Tinapempha Allah kuti achitire chifundo onse amene anatsikira pa miyala imeneyo, odziwika maina ndi osadziwika, ndi kuti atiteteze ife ndi ana athu kuti tisadzadyepo phindu pa misozi ya munthu. Pambuyo pake anatuma amalume kukagula thumba la mchere kwa amayi a m'mbali mwa msewu. Anati agogo awo ankabwera ndi mchere wosadziwika mtengo wake weniweni, koma uwu ndi wogula ndi ndalama ya tomato. Titafika ku Mbulumbuzi anaugawa m'timapepala kwa anansi onse, ndipo aliyense wolandira ankamva nkhani yonse, ya gombe loyera ndi ya miyala yomwe.

Kwa amene mungafune kupitako

Abale a ku Mangochi, njira yanu yachidule ndi ya ku Namwera, kutulukira pa Chiponde, kenaka Mandimba, Cuamba mpaka Nampula. Aliyense akhale ndi pasipoti, ana omwe. Tengani mapepala onse a galimoto, ndipo ngati galimotoyo si yanu mwini wake akulembereni kalata. M'galimoto mukhale zikwangwani ziwiri zofiira zochenjezera pamsewu ndi jekete yonyezimira, pakuti malamulo a kumeneko amafuna zimenezi. Sinthani ndalama kuti mukhale ndi meticais musanalowe m'midzi, thirani mafuta pa tawuni iliyonse yaikulu, ndipo musayende usiku. Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka October. Miyezi ya dzinja ndi ya anamondwe, monga Gombe amene anaononga magombe a chigawo cha Nampula mu March 2022. Kumbukiraninso kuti mu 2017 ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Nampula, kunabuka nkhondo ya zigawenga, choncho funsani za mtendere wa m'njira musananyamuke. Ana anu ngakhale ndi akatswiri osambira pa nyanja yathu, musawalole kupita kutali pamchenga madzi akaphwa, chifukwa pobwerera madziwo amathamanga kuposa mwana.

Si banja lililonse lingathe ulendo wotere, ndipo ifenso sitikudziona tikubwereza posachedwa. Koma nkhalamba zimene zikudziwa za Mbwani zilipo m'midzi yathu yonse, ku Mponda, ku Makanjira, ku Kota ndi kwina, ndipo zikutha chaka ndi chaka. Khalani nazo pansi madzulo, ana ali pomwepo, muzifunse za maulendo a makolo, zokoma ndi zowawa zomwe. Akulu ndi m'dambo mozimira moto.

Allah akusungeni inu ndi mabanja anu, pamtunda ndi pamadzi. Wassalamu alaikum.